Matamanda akauma msanga, adokowe a ku Nsefu atha

Tonse a m'chigwa cha Luangwa, tamverani. Madzi a m'matamanda athu ali pangozi, ndipo nthawi yozengereza palibe.

Mvula ikakata, adokowe a milomo yachikasu amasonkhana ku Nsefu, pa thamanda la Chipela. Amamanga zisa m'mitengo mpaka nthambi kuyera mbuu ndi zitosi. Pansi ng'ona zimadikira mwana wogwa. Zimenezo n'zakalekale, ndipo adokowe sanathe nazo. Chondisowetsa tulo ndi madzi.

Dokowe amasaka m'madzi osaya, mlomo uli yasa, mpaka kansomba katamukhudza. Luangwa akasefukira amathira nsomba m'matamanda. Madzi akamaphwa pang'onopang'ono, nsombazo zimaunjikana, anapiye n'kumakhuta. Koma thamanda likauma msanga, kholo limabwerera kuchisa kukhosi kuli gwa. Anapiye sapirira njala. Masiku ochepa chabe, ana a chaka chonse apita.

Chilala cha 2024 tonse tinachiona, mpaka boma linalengeza kuti dziko lili pa tsoka. Mu 2019 tinapumira m'mwamba boma litaimitsa ganizo lomanga damu pa mtsinje wa Luangwa, ku Ndevu Gorge. Koma mtsinje ukudwalabe, ndipo tikuudwalitsa ndife. Tikulima mpaka m'gombe mwa Lupande ndi Msandile. Mitengo ya m'mbali tikuiwotcha makala. Mvula imodzi yamphamvu, dothi lonse lakokolokera mumtsinje, maiwe akwiririka ndi mchenga. Pamene timasambira tili ana, lero amayi akufukula mchenga kuti apeze ndowa imodzi ya madzi.

Lekani kulima m'gombe. Siyani mitengo ndi bango zigwire nthaka. Neti ya udzudzu ikhale pabedi, chifukwa m'madzi imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Lemekezani chiletso chopha nsomba kuyambira pa 1 Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale. Alimi a thonje, chonde, musatsukire sipuleya mumtsinje. Mankhwalawo amapha nsomba, ndipo madzi omwewo ndi amene ana athu akumwa.

Alendo amene amatera ku Mfuwe amadzaonanso mbalamezi. Zikasamuka, ntchito za ana athu m'malodge zigwedezeka.

Mukaona wina akutseka mtsinje kapena kuthira mankhwala m'dziwe, musakhale chete. Uzani anduna tsiku lomwelo, nkhani ifike kwa amfumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro kapena Malama. Dziwitsani a DNPW, oyang'anira nyama zakutchire, ndi a WARMA, oyang'anira madzi. Pamsonkhano wotsatira wa m'mudzi, gwirizanani malire a minda ya m'gombe makasu asanalowe pansi.