Kodi a ku Sitolo Adzalankhula Liti?

Alipo anthu ena m'maofesi mwathu amene mpaka lero amakhulupirira kuti magetsi enieni ndi okhawo ochokera pa mtsinje wa Shire, ati a dzuwa nzoseweretsa ana. Anthu oterewa abwere kuno ku Mchinji adzaone mudzi wa Sitolo, kumene mu 2019 bungwe la Community Energy Malawi, mothandizidwa ndi UNDP, lidayatsa makina a dzuwa a makilowati 80, nyumba ndi magolosale nkuwala mawaya a ESCOM asanafikeko.

Chitsegulire Nkula mu 1966, ESCOM ndiyo inali zonse: yopanga, yonyamula ndi yogulitsa magetsi. Lamulo la 2016 lidagawa ntchitozi, EGENCO nkubadwa mu 2017, khomo nkutsegukira makampani atsopano. Koma taonani chimene chidatsalira! Wogula magetsi a makampaniwa ndi mmodzi yekha. Bungwe la Power Market Limited, limene lidapatsidwa ntchito yogulayo, silidakhalitse; pofika 2023 ntchitoyo inali itabwerera ku ESCOM. Choncho watsopano aliyense ayenera kugogoda pakhomo la mwini mawaya yemweyo. Nanga mkulu wotere, Boma likamufunsa nzeru pokonza malamulo, angalangize zomuchepetsera mphamvu?

Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130. Pamenepo ngakhale onyoza aja adathokoza mamegawati 60 a dzuwa amene kampani ya JCM idayatsa ku Salima mu 2021.

Komatu tisaombe m'manja msanga, abale anga. Makampani akuluakulu atsopanowa sadabwere kudzacheza. Ndalama zawo nza kunja, motero amafuna mapangano a zaka 20 ndi mtengo womangirira ku dola. Kwacha ikagwa, monga idagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtolo umathera pamutu pa wolipira magetsi. Iwowa ali ndi maloya, ndipo njira ya ku Capital Hill akuidziwa bwino ngati mkulu uja. Wa ku Sitolo adzera kuti?

Inu a ku Unduna, ndi inu a MERA, pokambirana malamulo a magetsi a m'midzi itananiko oyendetsa timakina ta m'midzi ndi anthu amene amalipira. Funso lawo loyamba mudzalimve: tsiku limene mawaya a ESCOM adzafike m'mudzi wotere, makina awo adzagulidwa, adzalumikizidwa, kapena adzangosiyidwa achite dzimbiri?