Kugula Kagalu kwa Jumbe

M'dera la Mfumu Jumbe, m'boma la Mambwe, tiagalu timagulidwa pakhomo pa woweta, motero wogula wanzeru amayamba waona make wa kagaluko, ngati ali ndi nkhupakupa m'makutu, nthiti zoonekera kapena maso otuwa, pakuti chigwa cha Luangwa ndi kwawo kwa kashembe, ntchentche yofalitsa tizilombo ta kaodzera, timene timaondetsa galu mpaka kumuchititsa khungu. Woweta wodalirika amaonetsa kalata ya katemera wa chiwewe, amene galu amayamba kulandira akakwanitsa miyezi 3, ndipo sachotsa kagalu kubere masabata 8 asanathe. Wobisa make wa kagalu ngwokayikitsa, makamaka kufupi ndi South Luangwa National Park, kumene galu wosabayidwa katemera angapatsire chiwewe ana apakhomo ngakhalenso mimbulu yam'tchire.