Jakisoni wa maola 72 amene amateteza mwana wachiwiri

Tsegulani buku lanu la kuchipatala lero, muyang'ane pamene padalembedwa gulu la magazi anu. Ambirife timakumbukira chilembo chokha: A, B, AB kapena O. Koma pambali pa chilembocho pamakhala kachizindikiro, kophatikiza kapena kochotsera. Ngati ndinu mayi ndipo kanu ndi kochotsera, nkhani ino ikukhudza moyo wa ana anu, makamaka obadwa pambuyo pa mwana wachisamba. Ngati pamalopo sipadalembedwe kanthu, ikukukhudzaninso, chifukwa simukudziwa mbali imene muli.

Tiyambe ndi kuchotsa mantha. Kuno kwathu mawu akuti positive ndi negative tidawazolowera poyezetsa HIV, ndiye munthu akawamva mtima umagunda. Izi ndi zina. Kukhala Rh-positive kapena Rh-negative sikukhudzana ndi kachilombo kalikonse, ndipo si matenda. Ndi chibadwa, monga msinkhu kapena khungu. Pa maselo ofiira a magazi a anthu ambiri pamakhala puloteni ina yotchedwa D. Amene ali nayo ndi Rh-positive, amene alibe ndi Rh-negative. Mwa azungu a ku Ulaya, anthu pafupifupi 15 mwa 100 alionse alibe puloteniyi. M'madera ambiri a kuno ku Africa safika 10 mwa 100. Kuchepa kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti nkhaniyi izinyalanyazidwa, pomwe m'dziko lobadwa ana mazanamazana tsiku lililonse, amayi ochepa mwa 100 ndi khamu.

Vuto limayamba mayi wa Rh-negative akatenga pakati pa mwana amene watengera bambo ake magazi a Rh-positive. Nthawi yonse ya mimba, magazi a mayi ndi a mwana amayenda padera, nsengwa ndiyo imawalekanitsa. Koma pochira, timagazi tochepa ta mwana timalowa m'thupi mwa mayi. Chitetezo cha mayi chikaona puloteni yachilendoyo chimaiyesa mdani, nkupanga asilikali olimbana nayo. Mwana woyamba amakhala atatuluka kale, n'chifukwa chake kawirikawiri amabadwa bwinobwino, banja nkumasangalala osadziwa kuti m'thupi mwa mayi mwatsala chikumbukiro.

Thupi siliiwala. Pa mimba yotsatira, ngati mwanayo alinso wa Rh-positive, asilikali aja amadutsa nsengwa nkuyamba kuphwanya maselo ofiira a mwana. Magazi ake amachepa. Zikafika poipa mtima wake umatopa, thupi limatupa ndi madzi, ndipo atha kufera m'mimba. Ena amabadwa amoyo koma amachita chikasu tsiku loyamba lomwelo. Chikasu choterechi chikakula osalandira thandizo chimaononga ubongo: mwana atha kugontha, kulumala ziwalo kapena kumwalira. Nthawi zambiri vutoli limakula mimba iliyonse ikabwera.

Apa ndi pamene mayi amasenzera mlandu umene sadapalamule. Woyamba ali moyo, wachiwiri wadwala chikasu, wachitatu wabadwa wakufa ali wotupa. Kuchimuna ayamba kunong'ona za tsempho. Kuchikazi akuloza chala agogo ena kuti ndiwo akudya ana. Ndalama zikuthera kwa asing'anga, mwina banja nkutha. Tikudziwa kuti zopha ana m'mimba n'zambiri, monga malungo, chindoko ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo si imfa iliyonse imene imabwera chifukwa cha Rh. Koma m'mudzi simungadziwike chimene chachitika. Chimadziwika ndi magazi ochepa oyezedwa kuchipatala.

Madokotala nawo adakhala zaka zambiri akuona ana akufa motere osamvetsa. Mu 1939, Philip Levine ndi Rufus Stetson a ku America adalemba za mayi amene adabereka mwana wakufa, kenako nkudwala kwambiri ataikidwa magazi a mwamuna wake, chonsecho onse awiri adali a gulu la O. Chaka chotsatira, mu 1940, Karl Landsteiner ndi Alexander Wiener adafotokoza za chinthu chatsopano m'magazi atafufuza pogwiritsa ntchito anyani a mtundu wa rhesus, ndipo dzina lakuti Rh lidachokera pamenepo. Pofika 1968, mankhwala opewera vutoli adayamba kugwiritsidwa ntchito. Ndi jakisoni wotchedwa anti-D.

Ntchito yake ndi yosavuta kumva. Amachotsa timagazi ta mwana timene talowa mwa mayi, chitetezo cha mayiyo chisanatizindikire. Pamene palibe mdani woonedwa, asilikali sapangidwa, ndipo mwana wotsatira amakula mwamtendere. Popanda jakisoniyu, amayi a Rh-negative pafupifupi 16 mwa 100 obereka mwana wa Rh-positive amapanga asilikali aja. Akabayidwa atangochira, chiwerengerocho chimatsika kufika pa mmodzi kapena awiri. Akabayidwanso mimba ili ndi masabata 28, chimatsika kwambiri kuposa pamenepo.

Koma jakisoniyu ali ndi nthawi yake. Ayenera kuperekedwa pasanathe maola 72, kutanthauza masiku atatu, mayi atachira. Ndipo ndi wopewera, si wochiza. Thupi likapanga kale asilikali, anti-D sangawachotse. N'chifukwa chake mimba yoyamba, imene imaoneka ngati ilibe vuto, ndiyo yofunika kuisamala kwambiri.

Dziwaninso kuti si kubereka kokha kumene kumasakaniza magazi. Kupita padera, kuchotsa mimba, mimba yokhala kunja kwa chiberekero, kutaya magazi muli oyembekezera, kugwa kapena kumenyedwa pamimba, zonsezi zingalowetse magazi a mwana mwa mayi. Mimba imene idachoka muli mtsikana, imene simudauze aliyense, thupi lanu lingakhale likuikumbukira. Musabise kwa anamwino. Chimodzimodzinso ngati mudaikidwapo magazi.

Tsono muchite chiyani? Yambani sikelo mimba isanapitirire miyezi itatu, ndipo pamene akukuyezani HIV, chindoko ndi kuchuluka kwa magazi, funsani kuti: gulu langa ndi liti, ndipo kachizindikiro kake ndi kotani? Paja safunsa adadya phula. Akakuuzani, alembe m'buku. Mukapezeka wa Rh-negative, funsani tsiku lomwelo kumene anti-D amapezeka, ndipo konzekani kukachirira kuchipatala chimene chingayeze magazi a mwana ndi kukubayani jakisoniyo. Mwana akapezeka kuti nayenso ndi Rh-negative, jakisoni wa pambuyo pochira safunika. Ngati mudatayapo mwana mimba itakula kapena mudaberekapo mwana wachikasu, nenani, kuti akuyezeni ngati asilikali aja alimo kale. Ngakhale atapezeka, chiyembekezo chilipo: mimbayo imayang'aniridwa mwapadera, ndipo mwana akabadwa atha kugonekedwa pa magetsi apadera ochotsa chikasu kapena kusinthidwa magazi. Khanda lililonse limene maso kapena khungu lasanduka lachikasu tsiku loyamba lifunika dokotala msanga. Musadikire kuti dzuwa la m'mawa lilichiritse.

Abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Puloteni imene thupi la mkazi wanu likulimbana nayo mwana adaitenga kwa inu, ngakhale kuti palibe wolakwa pakati panu. Perekezani akazi anu ku sikelo, nanunso muyezetse. Mukakhala nonse a Rh-negative, ana anu adzakhalanso a Rh-negative ndipo palibe chodetsa nkhawa. Musathetse chibwenzi kapena banja chifukwa magazi asiyana. Mabanja ambirimbiri otere ali ndi ana athanzi.

Kwa a Unduna wa Zaumoyo, pempho lathu ndi ili. Anti-D ndi wodula chifukwa amapangidwa kuchokera ku madzi a m'magazi a anthu opereka mwaufulu, ndipo amafuna kusungidwa mufiriji. Koma ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la World Health Organization, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wosamalira mwana wolumala ubongo moyo wake wonse. Mayi wa kumudzi asauzidwe kuti akagule yekha kufamase ya m'tauni pamene maola 72 akutha. Mayi aliyense wa pa sikelo ayezedwe gulu la magazi, ndipo chipatala cha boma lililonse chikhale ndi jakisoniyu.

Ndipo inu amene muli ndi kachizindikiro kochotsera, amuna ndi akazi omwe, magazi anu ndi osowa. Mayi wa Rh-negative akataya magazi pochira amafuna a munthu wonga inu. A Malawi Blood Transfusion Service akabwera kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti kapena kuntchito kwanu, tambasulani mkono.

Bukulo likadali m'manja mwanu. Ngati pamalo a gulu la magazi pali pongoyera, ulendo wanu wotsatira wa kuchipatala musabwereko pasanalembedwe.