Dengu Likayamba Kupepuka, Funsani Mwini Wake

Mvula ikakhazikika mu Disembala, minda ya tiyi ya ku Thyolo imabiriwira, ndipo anthu zikwizikwi amalawirira m'mamawa madengu ali kumsana. Ku Satemwa, ku Conforzi, ku Makandi, ku Naming'omba ndi ku Makwasa, masamba amene munthu watchola amaikidwa pa sikelo ndipo makilogalamu ake amalembedwa tsiku ndi tsiku. Ife tikunena kuti buku lolembamo makilogalamulo likhoza kupulumutsa moyo, ngati wolisunga ali ndi maso.

Munthu amene wakhala akukwanitsa muyezo wake zaka zambiri sasanduka waulesi mwadzidzidzi. Dengu lake likayamba kupepuka sabata ndi sabata, kapitawo ayambe wafunsa asanakalipe. Matenda a maganizo kawirikawiri amayamba mwakachetechete. Wodwalayo sagona tulo, chakudya sichimkomera, amadzipatula pa nthawi ya nkhomaliro, amapsa mtima pa zinthu zazing'ono, kapena amajomba Lolemba lililonse kaamba ka kachasu. Ena amangodandaula mutu, kuthamanga kwa mtima ndi kufooka kwa thupi. Zizindikiro zotere zikapitirira masabata awiri, munthuyo aonane ndi achipatala.

Ambiri a ife timaganiza kuti wodwala maganizo ndi yekhayo wovula zovala pamsika. Maganizo amenewa ndi olakwika. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti mwa anthu 100 alionse a msinkhu wogwira ntchito, pafupifupi 15 ali ndi vuto la mtundu umenewu. Zoyambitsa zake tikuzidziwa: ngongole ya katapila, nkhawa ya waganyu amene ntchito yake imatha mvula ikatha, nkhanza za m'banja, kuvutitsidwa kwa amayi ndi owayang'anira, matenda a mgonagona ndiponso maliro. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagwetsa nyumba ndi kupha anthu m'boma lino, ndipo mabala a mumtima sapola msanga ngati a pakhungu.

Ena adzati esiteti si chipatala, ntchito ya kapitawo ndi kuonetsetsa kuti tiyi wafika ku fakitale. Nzoona, ndipo sitikumupempha kuti akhale dokotala. Tikumupempha zinthu zitatu: amuitanire munthuyo pambali, amumvetsere osamuseka, ndipo amuperekeze ku kiliniki ya pa esiteti kapena ku chipatala chapafupi. Zimene wamvazo asazilengeze m'munda. Kuchotsa ntchito munthu wodziwa kutchola masamba awiri ndi nsonga yake nkutaya luso la zaka zambiri, pamene kumuthandiza kumafuna masabata owerengeka. Lamulo la ntchito la mu 2000 limati wantchito amene wagwira miyezi 12 mosalekeza, akadwala ndi kuonetsa kalata ya dokotala, apatsidwe masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro. Kudwala maganizo nakonso nkudwala. Aganyu a nyengo ya mvula ambiri safika miyezi 12, motero eni minda ndi bungwe la antchito awaganizire mwapadera.

Inu amene mukuwerenga muli pamzere wa kuchipatala, dziwani kuti kunena vuto lanu sikutanthauza kuti mutumizidwa ku chipatala cha Zomba Mental. Ambiri amathandizidwa ndi uphungu ndi mankhwala akugona kwawo. Yambirani pa chipatala chanu chaching'ono. Pakafunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Thyolo. Mukafika, musangotchula mutu wokha. Nenaninso za tulo, za mantha ndi za mowa.

Pali zinthu ziwiri zosadikira mawa. Mnzanu akanena zodzipha, musayese nthabwala: musamusiye yekha, muchotsereni mankhwala ophera tizilombo, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Munthu akasokonezeka mutu mwadzidzidzi thupi likutentha, akhoza kukhala malungo aakulu. Musataye nthawi ndi kuombeza.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Kapitawo, mlembi wa pa sikelo ndi mnzake wa pamzere ndiwo amamuona wantchito tsiku lililonse, dokotala asanamuone. Iwowo ayambe kufunsa.