Amene Mukumutcha Waulesiyo Akudwala

Ife anthu a m'zidikha za Kasungu tili ndi milandu itatu imene timaimba munthu wosweka mumtima. Tikaona bambo wasiya kudya, wasiya kusamba, tulo tamuthawa ndipo angokhala pakhonde mutu uli pansi, timati ndi ulesi. Ena amati amulodza. Ife opemphera, pofuna kuoneka anzeru kuposa anzathuwo, timati chikhulupiriro chake chazilala. Milandu yonse itatuyi ndi yabodza, ndipo bodza lake latikumbitsa manda amene sanayenere kukumbidwa.

Taganizirani mlimi wa fodya wa m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, cha ku Lifupa. Wayamba ndi nazale dzuwa likuswa mtengo, waokera mvula itagwa, wathyola, wasoka, wayanika m'chigafa, wadinda mabelo pajeke. Chimanga chake njovu zadyako, pajatu m'chaka cha 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kudzaikidwa m'nkhalangoyi. Mabelo akafika ku msika wa Chinkhoma, a ngongole ya feteleza amatapa zawo, wa galimoto amatapa zake, ndipo chotsala sichikwana ndi fizi ya mwana mmodzi yomwe. Kudandaula pa zotere si nthenda ayi, ndi umunthu. Koma pali ena amene chisonicho chimawamera mizu. Masabata awiri amatha, mwezi umatha, chilichonse chimene kale chinkawakondweretsa chasanduka gaga, ndipo amayamba kunena kuti dziko likanapepukidwa iwo kulibe. Apa chisoni chasanduka nthenda ya maganizo, imene bungwe la zaumoyo la WHO linawerengera kuti mu 2019 inali itagwira anthu pafupifupi 280 miliyoni pa dziko lonse. Kodi onsewa ndi alesi? Kodi afiti ake ndi angati?

Mboni yanga pa mlanduwu ndi mankhwala otchedwa ketamine. Amayi ambiri amene anachira ndi opaleshoni m'zipatala zathu za maboma anagonekedwa ndi mankhwala amenewa, ngakhale dzina sanalimve. Anawapanga ndi Calvin Stevens ku America mu 1962, ndipo anavomerezedwa kumeneko mu 1970 ngati ogonetsa munthu pomuchita opaleshoni. Kwathu kuno amakondedwa chifukwa ndi otsika mtengo, ndiponso wodwala amapitiriza kupuma yekha popanda makina, chinthu chofunika zedi kumene magetsi amathimathima.

M'chaka cha 2000, madokotala a pa yunivesite ya Yale, mwa iwo Robert Berman ndi John Krystal, analengeza chinthu chodabwitsa. Anapatsa odwala maganizo asanu ndi awiri ketamine wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa opaleshoni, kudzera m'diripi, ndipo mtambo wa chisoni unayamba kuyera pa maola owerengeka chabe. Mu 2006 Carlos Zarate ndi anzake anabwereza zomwezo pa odwala amene mapiritsi ena anali atawalephera, ndipo ambiri a iwo anadzuka tsiku lotsatira atapepukidwa. Kudabwitsa kwake n'kwakuti mapiritsi amene tinawazolowera amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira.

Nanga chimachitika n'chiyani m'mutumo? Ubongo wa munthu uli ndi timaselo mabiliyoni ambirimbiri, ndipo timaselo timeneti timatumizirana mauthenga kudzera pa timilatho tating'onoting'ono. Mthenga wamkulu amene amawoloka timilathoti ndi madzi otchedwa glutamate. Munthu akapanikizika kwa nthawi yaitali, ndi ngongole, ndi maliro otsatizana, ndi nkhanza za m'banja, timilatho ta mbali ya kumphumi, kumene timaganizira za mawa ndi kupimira zochita, timafota ndi kuchepa, monga momwe maulalo a m'mudzi amakokolokera m'dzinja. Mudzi ulipo, anthu alimo, koma uthenga sukuwoloka. Ndiye chifukwa chake wodwalayo mukamuuza kuti alimbe mtima amangokuyang'anani. Ketamine amatseka kwa kanthawi kakhomo kena kolandirira uthenga kotchedwa NMDA, ndipo kutsekako kumachititsa kuti glutamate asefukire ku makomo ena. Mu 2010 Ronald Duman, wa ku Yale komweko, anaonetsa pa makoswe kuti pasanathe tsiku limodzi timilatho tatsopano timayamba kumera. Akatswiri akukanganabe pa tsatanetsatane wake, monga mwa khalidwe lawo, koma pa mfundo yakuti nthendayi ili ndi malo ake m'thupi palibenso mkangano.

Tsono ndifunse inu amene mumati ndi ulesi: ndi ulesi wanji umene umasungunuka ndi diripi ya mphindi 40? Inu amene mumati amulodza, ndi mfiti yanji imene imathawa botolo la ku fiyeta? Ndipo ife amene timapima chikhulupiriro cha anzathu, kodi tinaonapo chikhulupiriro chikulowa m'mtsempha wa pamkono? Wodwala shuga sitimuuza kuti alape. Wothyoka mwendo sitimunena kuti akunyada. Chifukwa ninji ubongo wokha, mwa ziwalo zonse zimene Mlengi anaumba, tiukaniza kudwala?

Wina adzati: “Jakisoni salipira ngongole. Vuto la mlimi ndi mitengo ya pa okushoni, vuto la tenanti ndi mwini esiteti.” Zoonadi, ndipo nkhondo imeneyo iyenera kumenyedwa. Koma alimi khumi amabwera ku Chinkhoma ndi lisiti lofanana, asanu ndi anayi n'kukwiya, kutukwana, kenaka n'kuyambanso kufuna mbewu, mmodzi n'kugwa osadzukanso. Komanso nthendayi imagwira ndi olemera omwe. Umphawi umaitana nthendayi monga dambo liitanira udzudzu, komabe wodwala malungo timamupatsa mankhwala lero, sitidikira kuti dambo liume.

Pano ndichenjeze mwamphamvu, pakuti ndikudziwa mtima wathu: tikamva za mankhwala amphamvu timafuna kukawagula pakhomo lakuseri. Ketamine si wochiritsiratu. Mpumulo wa diripi imodzi kawirikawiri umatha pakapita masiku owerengeka kapena sabata imodzi. Amakweza kuthamanga kwa magazi, amachititsa munthu kumva ngati watuluka m'thupi lake, ndipo womuzolowera amagwidwa chibaba n'kuonongeka chikhodzodzo. Matthew Perry, katswiri wa zisudzo wa ku America, anafa naye mu Okutobala 2023, ndalama ndi madokotala ali nazo. Mtundu wina wopopera m'mphuno, wotchedwa Spravato, unavomerezedwa ku America mu Malichi 2019, koma wodwala amaupopera ali kuchipatala n'kukhala maola awiri akuyang'aniridwa, ndipo mtengo wa ulendo umodzi ndi madola mazanamazana. Botolo lililonse lobedwa m'chipatala cha boma ndi mayi mmodzi amene adzasowa chomugonetsa usiku wa uchembere wovuta. Mu 2015, dziko la China litapempha bungwe la United Nations kuti ketamine aikidwe pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa kuyenda mwaufulu, madokotala a m'maiko osauka ndi a WHO anakana chifukwa cha amayi omwewa, ndipo pempholo linaimikidwa.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimene chili pamphuno pathu ndi mapiritsi a amitriptyline ndi fluoxetine, amene ali pa mndandanda wa mankhwala a zipatala zathu; ndi chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba; ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chilinso pamphuno pathu ndi khutu. Ku Harare dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi n'kumamvetsera ovutika maganizo ndi kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti odwala ambiri anapeza bwino. Agogo otere kwathu kuno akusowa? Miphakati yathu imadziwa kusonkha ufa ndi nkhuni za pa maliro. Bwenzi itaphunzira kufika pakhomo maliro asanachitike.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti Akatolika ndife amene tikanayenera kudziwa bwino zimenezi. Yohane wa Mulungu woyera, amene dzina lake lili pa zipatala ndatchulazi, anatsekeredwapo iye mwini m'chipinda cha amisala ku Granada, kumene odwala ankawachiritsa ndi zikoti, ndipo atatuluka anapereka moyo wake wonse kusamalira odwala mpaka imfa yake mu 1550. Malamulo a Eklezia a mu 1983 anachotsa chiletso chakale chomana mwambo wa maliro munthu wodzipha, ndipo Katekisimu wa mu 1992 amaphunzitsa kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo kungathe kuchepetsa mlandu wa munthu wotere, ndi kuti Eklezia amamupempherera. Komabe m'midzi mwathu mukadali akhristu amene amazemba maliro otere, n'kusiya mkazi wamasiye ndi ana akusenza manyazi okhaokha.

Msika wa fodya ukatsekedwa, yang'anani amene wasiya kubwera ku bawo ndi ku mphakati. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Funso limeneli silimuphunzitsa choipa, limamutsegulira pakamwa. Mankhwala a m'munda muwatsekere kutali ndi iye, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala cha boma ku Kasungu tsiku lomwelo. Akalandira mapiritsi, mukumbutseni kuti amayamba kugwira pakapita masabata awiri kapena anayi, mwinanso asanu ndi limodzi, ndi kuti asawasiye panjira popanda kuuzidwa ndi dokotala.