Ndalama za Covid-19: mlimi wa ku Amaramba anaiwalika pati?

Pamene mliri wa Covid-19 unalowa m'dziko muno mu Marichi 2020, Pulezidenti Filipe Nyusi analengeza kuti kuyambira pa 1 Epulo dziko lili pa ngozi. Kudutsa m'malire kunavuta, misonkhano inaletsedwa. Katundu wa makampani ankaloledwa kudutsa, koma mlimi ndi msodzi wa m'mbali mwa nyanja za Amaramba ndi Chiuta, amene anazolowera kugulitsa chimanga, mpunga, nandolo ndi nsomba zouma kwa ogula a ku Malawi, msika wake unachepa. Ogula akachepa, mtengo amaunena ndi wogula.

Boma linapempha mayiko ndi mabungwe othandiza ndalama zokwana madola 700 miliyoni. Bungwe la IMF lokha linabwereketsa madola 309 miliyoni mu Epulo 2020. Gawo la thandizoli linapita ku nthambi yosamalira anthu ovutika ya INAS, kudzera mu ndondomeko ya PASD-PE: banja lililonse lolembedwa lilandire mametikali 1,500 pamwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi, onse pamodzi 9,000. Mabanja oposa miliyoni imodzi ndi amene anayenera kulembedwa, a m'mizinda, m'mphepete mwa mizinda ndi m'malire.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ndondomekoyi inkayang'ana umphawi wa banja, osati munda. Sinafunse kuti mwakolola matumba angati kapena mwaluza zingati pogulitsa motchipa. Thandizo la alimi linabwera ndi SUSTENTA, yomwe inafalitsidwa dziko lonse mu 2020, koma iyo inali ngongole ya mbewu ndi feteleza yodzera mwa alimi okulirapo, osati chipukuta misozi cha mliri. Anzathu a ku Malawi anachitanso chimodzimodzi popereka K35,000 pamwezi m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, komabe mlimi wa ku Machinga anagula thumba la feteleza pa K4,495 mu ndondomeko ya AIP chaka chomwecho.

Ngakhale olembedwawo, ambiri anadikira mpaka 2021, ena kupitirira apo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Choipitsitsa nchakuti bwalo lofufuza ndalama za boma la Tribunal Administrativo linapeza kuti mu 2021 ku INAS kunatuluka mametikali oposa 1.7 biliyoni popanda umboni wa ntchito yake.

Nanga ife a ku Mecanhelas tiphunzirapo chiyani? Choyamba, thandizo limatsata dzina lolembedwa. Amene alibe chitupa cha BI, amayi ndi agogo makamaka, apite ku Insaca akalembetse tsoka lisanagwe. Chachiwiri, mafumu ndi alembi a m'midzi aumirire kuti mayina a olandira aziwerengedwa poyera pamsonkhano, pamodzi ndi kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku lolandirira. Chachitatu, alimi ndi asodzi akhale m'magulu olembetsedwa ku ofesi ya zaulimi ya SDAE, pakuti gulu limamveka kusiyana ndi munthu mmodzi.

Mliri unatha, koma chilala ndi madzi osefukira zidzabweranso. Tsiku limenelo boma lidzatsegulanso kaundula. Funso ndi lakuti, kodi dzina lanu lidzapezekamo?