Batire la sola pakhomo: kuwala kulowe, ngozi itsale kunja

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika ku Angónia, ndalama za mbatatesi, soya, nyemba ndi fodya sizithera pa feteleza, malata ndi zovala za ana zokha ayi. Masiku ano mabanja ambiri amapatulako zina kuti agule sola ndi batire. Amene wayenda m'midzi ya ku Dómuè kapena cha kumalire a Calómuè waona mapanelo pa madenga a malata ndi a udzu omwe. Ambiri mwa magetsi amenewa sanaikidwe ndi kampani. Mwini nyumba anagula panelo mumsika wa ku Ulónguè, batire anakalipeza kutsidya kwa malire ku Lizulu kapena ku Dedza, kenako iye ndi mwana wake analumikiza okha.

Khama limeneli ndi loyenera ulemu. Chigawo chathu cha Tete ndiye mwini damu la Cahora Bassa, limene lingathe kupanga mamegawati 2,075 a magetsi, ndipo linabwerera m'manja mwa dziko la Mozambique pa 27 Novembala 2007. Gawo lalikulu la mphamvu imeneyi limapita ku South Africa pa nthambo zotalika makilomita pafupifupi 1,400, pamene midzi yambiri ya kumapiri kuno ikudikirabe mitengo ya EDM. Mu 2018 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Energia para Todos, ndi lonjezo lakuti pofika 2030 nzika iliyonse ikhale ndi magetsi. Koma mwana amene akulemba mayeso chaka chino sangadikire 2030 kuti awerenge usiku. Bambo kapena mayi amene wadziikira magetsi a dzuwa sanalakwe. Chimene tikunena ife ndi chakuti udindo wake sutha tsiku limene babu layaka. Batire ndi chinthu chimene chimatentha nyumba, kuchititsa khungu ndi kudwalitsa ana ngati chaikidwa mwachisawawa kapena kutayidwa mosasamala.

Mlimi aliyense amadziwa ntchito ya nkhokwe, ndipo batire ndi nkhokwe ya magetsi. Panelo limakolola masana, batire limasunga, banja limatapa usiku. Nkhokwe ili ndi muyeso wake. Batire lolembedwa 12V 100Ah limasunga pafupifupi mawati-ola 1,200, koma ngati ndi la mtovu ndi asidi, monga ambiri amene ali m'misika yathu, muyenera kutapa theka lokha, ndiye kuti 600. Mukamalikhuthula mpaka pansi tsiku ndi tsiku limafa msanga. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mababu anayi a mawati 5 oyaka maola asanu amadya 100. Kanema wa mawati 40 woonera maola anayi amadya 160. Mukawonjeza wailesi ndi kutchaja mafoni atatu, mufika cha m'ma 300 pa tsiku. Batire limeneli lingakusungeni masiku awiri opanda dzuwa, ndipo masiku otere sasowa kuno, m'miyezi ya mvula ndi m'nkhungu ya Juni ndi Julayi. Amene akufuna kulumikizapo filiji kapena simbi yamagetsi adziwe kuti akufuna kudyetsa mudzi wonse ndi nkhokwe ya banja limodzi.

Kulakwitsa koyamba kumachitikira mumsika. Batire la galimoto ndi lotsika mtengo ndipo limapezeka paliponse, koma linapangidwira kulizitsa injini kwa kamphindi n'kudzazidwanso nthawi yomweyo. Likamatapidwa usiku wonse, miyezi yochepa yokha latha. Batire la sola linapangidwa kuti lizitapidwa pang'onopang'ono ndi kudzazidwa kambirimbiri. Palinso mabatire olembedwa manambala akuluakulu pamene m'kati muli zochepa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Batire la mtovu loona limalemera, ndipo la 100Ah limafika makilogalamu pafupifupi 30. Ngati mwana angalinyamule ndi dzanja limodzi, nambala yolembedwayo ndi yokayikitsa. Funsani lisiti ndi chitsimikizo cha nthawi imene wogulitsa angakusinthireni. Lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009, linaikidwa kaamba ka inu, koma popanda lisiti mlandu wanu ulibe poyambira.

Kulakwitsa kwachiwiri ndi kusiya tizipangizo tiwiri tating'ono pofuna kupulumutsa ndalama. Koyamba ndi kabokosi kamene amisiri amati regulador, kokhala pakati pa panelo ndi batire. Ntchito yake ndi kuletsa batire kudzaza mopitirira muyeso masana ndi kukhuthuka mopitirira usiku. Kulumikiza panelo mwachindunji ku batire kumawiritsa madzi ake ndi kulipha. Polumikiza, yambani batire ku regulador, panelo libwere pambuyo. Kachiwiri ndi fyuzi, imene iyenera kukhala pa waya wa pulasi, pafupi kwambiri ndi mutu wa batire. Anthu amapeputsa mavoti 12 chifukwa sagwedeza munthu akagwira. Koma mawaya awiri akakhudzana, batire limatulutsa mphamvu yokwanira kufiiritsa waya ngati khasu la kuchipala. Pansi pa denga la udzu, kapena pafupi ndi matumba a chimanga ndi mabelo a fodya, zokolola za chaka chonse zimatha pa mphindi zochepa. Fyuzi ya ndalama zochepa imadula mphamvu zisanafike pamenepo. Fyuzi ikapsa, musaikepo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Fufuzani chimene chaipsereza.

Malo oika batire nawonso ndi nkhani ya moyo. Batire la asidi likamadzaza limatulutsa mpweya wa haidirojeni, umene suoneka, sununkha, koma umaphulika ukakumana ndi moto. Choncho lisakhale kuchipinda chogona, pansi pa bedi, kapena pafupi ndi mbaula, koloboyi ndi kandulo. Likhale m'bokosi lolowa mpweya, pa thabwa louma, pamene ana sangafike. Madzi ake akatsika, thirani madzi a batire ogulitsidwa m'mabotolo olembedwa água destilada, osati a pachitsime, osatinso asidi wina. Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena kuposa, kenako thamangirani kuchipatala. Panelo liyang'ane kumpoto, chifukwa ife tili kumwera kwa dziko lapansi, ndipo lipendekeke pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Amene waika inversor adziwe kuti potulukira pake pali mavoti 220, ofanana ndi a EDM, ndipo amapha. Nyumba imene ili kale ndi magetsi a Credelec isalumikizidwe ku inversor popanda mmisiri wodziwa, chifukwa mphamvu yobwerera m'nthambo ingaphe wantchito amene akukonza pamtengo akuganiza kuti magetsi azimitsidwa.

Achinyamata athu aphunzira pa intaneti njira ina yatsopano, yosonkhanitsa timabatire ta lithiyamu tochokera m'makompyuta akale ndi kutilumikiza kuti tikhale batire lalikulu. Luso lotere ndi lofunika m'dziko, ndipo sitikufuna kulizimitsa. Koma timabatire timeneti timasiyana msinkhu ndi mphamvu. Kamodzi kofooka kakatentha kamayatsa anzake, ndipo moto wa lithiyamu ndi wovuta kuzimitsa, umathanso kuyambiranso utaoneka ngati wazima. Batire lililonse la lithiyamu liyenera kukhala ndi kachipangizo kolondera kotchedwa BMS, ndipo regulador yake ikhale yoyenerana nalo. Mtundu wolembedwa LiFePO4 sugwira moto msanga ngati enawo ndipo umakhala zaka zambiri, ngakhale mtengo wake ndi wokwera. Kabatire kotupa, kobooka kapena kotentha kasalowe m'nyumba yogona anthu. Amene alibe chida choyezera ndiponso alibe mmisiri womuwongolera, ayambe waphunzira. Safunsa anadya phula.

Nkhani imene anthu saikamba ndi ya batire lakufa. Batire lililonse limafa, ndipo la mtovu limafa pakapita zaka zochepa. Ena amaliswa ndi nkhwangwa, asidi n'kuthira pansi, mtovu n'kusungunula pamoto kuti agulitse. Ena amalisiya kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera ndi nkhuku zimatola. Mtovu ndi poizoni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene m'Chipwitikizi timati OMS, limanena kuti palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wabwino. Umawononga ubongo wa mwana wamng'ono, ngakhale wa m'mimba, ndipo nzeru zimene zatayika sizibwereranso. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa Novembala 2007 ndi Malichi 2008 chifukwa cha mtovu wochokera ku mabatire akale amene anthu ankaswa ndi kusungunula m'makomo mwawo. Anthu amenewo sanali oipa mtima. Ankafuna ndalama ya ndiwo, monga ife tomwe. Angónia ndi dziko la madimba ndi zitsime zosazama, ndipo zimene zathiridwa pansi lero zimabwerera m'mbale. Batire lakufa lisaswedwe. Lisungidwe choimirira, lili lotseka, pouma, mpaka litabwezedwa kwa wogulitsa kapena kwa wogula amene amalitenga lathunthu.

Koma sizingakhale zachilungamo kusenzetsa mlimi katundu yense. Mabungwe alipo ndipo malamulo alipo. FUNAE inakhazikitsidwa mu 1997 kuti ifikitse mphamvu kumidzi. ARENE ndiyo yoyang'anira za magetsi, ndipo Decreto 93/2021 inaika malamulo a magetsi a m'madera amene nthambo za EDM sizinafike. INAE inapatsidwa mphamvu yoyendera masitolo ndi misika. Palinso Decreto 83/2014 yonena za kasamalidwe ka zinyalala zoopsa. Funso ndi lakuti kodi zonsezi zikufika pamudzi? Tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, maphunziro afupiafupi a luso la sola afike kumaposto ndi kumalokalidade, kudzera ku IFPELAC ndi masukulu a zaluso, kuti dera lililonse likhale ndi mnyamata kapena mtsikana wodziwa kuika ndi kukonza. Chachiwiri, oyendera malonda aziyeza mabatire ndi mapanelo ogulitsidwa m'misika, makamaka nyengo yokolola pamene alimi ali ndi ndalama m'manja. Chachitatu, akuluakulu a boma la Angónia ndi khonsolo ya tauni ya Ulónguè akhazikitse malo odziwika olandirira mabatire akufa, ndipo wogulitsa batire latsopano azilandira lakale.

Zinthu zimenezi sizibwera zokha. Mafumu, anyakwawa, alembi a m'madera ndi mamembala a Conselho Consultivo aziike pa mndandanda wa zokambirana pamsonkhano ukubwerawu, monga amachitira ndi nkhani ya mijigo ndi milatho. Aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi wailesi za m'madera auze anthu za mtovu m'chinenero chimene agogo akumva. Ndipo inu amene muli kale ndi batire pakhomo, lero lino dzuwa lisanalowe kaoneni ngati lili ndi fyuzi, ngati lili kutali ndi moto ndi pogona ana, ndi kumene munasiya lakale lija.